Mayi wonyamula kanyama koyera: mbiri ya chithunzi cha Leonardo da Vinci chimene chili ku Poland

Pa 29 Disembala 2016, boma la Poland linalipira mayuro 100 miliyoni ndi kutenga umwini wa zinthu zakale zimene banja lolemekezeka la Czartoryski linasonkhanitsa kwa zaka zoposa 200. Pakati pa zinthuzo panali thabwa laling'ono, lotalika masentimita pafupifupi 54, m'lifupi masentimita 39, losafika ngakhale pa kukula kwa kalendala yopachika pakhoma. Pa thabwalo pali chithunzi cha mtsikana atanyamula kanyama koyera, ndipo anachijambula ndi Leonardo da Vinci wa ku Italy cha m'ma 1490.

M'Chingerezi chithunzichi chimatchedwa Lady with an Ermine. Kanyama kotchedwa ermine kamakhala m'mayiko ozizira. Kamaoneka ngati likongwe, koma ndi ka m'banja limodzi ndi kanyimbi ndi chiuli, ndipo ubweya wake umayera m'nyengo ya chisanu.

Zithunzi za akazi zimene akatswiri ambiri amavomereza kuti Leonardo anajambula ndi zinayi zokha. Ziwiri zili ku Louvre mumzinda wa Paris, ndizo Mona Lisa ndi La Belle Ferronnière. Chachitatu, cha Ginevra de' Benci, chili ku Washington. Chachinayi ndi ichi cha ku Kraków, chimene chinabisidwa, kulandidwa ndi kubwezedwa kangapo, ndipo kwa zaka zambiri chinkadziwika ndi dzina la munthu wina.

Mtsikana wa m'chithunzi

Leonardo anabadwa mu 1452 ndipo anamwalira mu 1519. Anakhala m'nyengo imene azungu amaitcha Renaissance, kutanthauza kubadwanso kwa luso ndi maphunziro. Cha m'ma 1482 anasamukira ku Milan, kumene anagwira ntchito kwa wolamulira wa mzindawo, Ludovico Sforza.

Mtsikana amene anajambulidwa ndi Cecilia Gallerani, wobadwa mu 1473. Sanali wa m'banja lachifumu, koma bambo ake anagwirapo ntchito kunyumba ya olamulira a Milan. Anali wophunzira, wodziwa Chilatini ndi kulemba ndakatulo. Ali ndi zaka pafupifupi 16 anakhala chibwenzi cha Ludovico, ndipo akatswiri amati ndi m'zaka zimenezo, pakati pa 1489 ndi 1491, pamene Leonardo anamujambula.

Chikondicho sichinafike patali. Mu Januwale 1491 Ludovico anakwatira Beatrice d'Este, mwana wa wolamulira wa Ferrara. Mu Meyi chaka chomwecho Cecilia anabereka mwana wa Ludovico, dzina lake Cesare. Anachotsedwa kunyumba yachifumu, napatsidwa nyumba yakeyake, ndipo mu 1492 anakwatiwa ndi mwamuna wina waudindo wodziwika ndi dzina loti Bergamino. Chithunzi anapita nacho.

Ojambula ambiri a ku Milan pa nthawiyo ankajambula munthu chammbali, monga mmene nkhope imaonekera pa ndalama yachitsulo. Leonardo sanatero. Thupi la Cecilia lalunjika mbali imodzi, nkhope yatembenukira mbali ina, ngati munthu amene wamva wina akulowa pakhomo. Kanyamako nakonso katembenukira komweko. Dzanja lake lamanja, limene lagwira kanyamako, linajambulidwa mosamala kotero kuti mitsempha ndi makwinya a m'zala zikuoneka.

Tanthauzo la kanyamako lakambidwa kwambiri. Anthu a nthawiyo ankakhulupirira kuti ermine kamalolera kufa kusiyana ndi kudetsa ubweya wake m'matope, choncho kankaimira kudzisunga. Mu 1488 Ludovico analandira kwa mfumu ya ku Naples ulemu wotchedwa ndi dzina la kanyama komweka, motero ena amati kanyamako ndi Ludovico mwini, ali m'manja mwa wokondedwa wake. Enanso amaona kuseweretsa mawu, popeza m'Chigiriki nyama za mtundu umenewu zimatchedwa gale, liwu lofanana ndi chiyambi cha dzina loti Gallerani. Palibe chimene chimaletsa kuti matanthauzo onsewa akhale oona pamodzi. Chodziwika n'chakuti kanyama ka m'chithunzi n'kakakulu kuposa ermine weniweni.

Makalata awiri a mu 1498

Aliyense amene anagulapo nyumba ku Chawama, ku George kapena ku Kanyama amadziwa kuti mawu a pakamwa sakwanira. Wogula amafuna kalata yogulitsira, mboni, ndi mapepala a ku khonsolo osonyeza amene anali mwini wake poyamba. Pepala limodzi likasowa, mlandu umayamba. Zithunzi zakale nazonso zimayendera lamulo lomweli. Akatswiri amalondola mwini aliyense, kuchokera kwa wojambula kufikira lero, ndipo mtengo wa chithunzi umakwera kapena kutsika malinga ndi kukwanira kwa mndandandawo.

Pa chithunzi cha Cecilia, mapepala oyambirira alipo. Mlakatuli wa kunyumba ya Sforza, Bernardo Bellincioni, amene anamwalira mu 1492, analemba ndakatulo yotchula Cecilia ndi Leonardo monga wojambulidwa ndi wojambula. Izi zikusonyeza kuti chithunzicho chinali chitatha chaka chimenecho chisanafike.

Umboni wachiwiri ndi makalata. Pa 26 Epulo 1498, Isabella d'Este wa ku Mantua, mkulu wake wa Beatrice uja, analembera Cecilia kupempha kuti amubwereke chithunzicho. Ankafuna kuchiyerekeza ndi zithunzi za Giovanni Bellini wa ku Venice. Patapita masiku atatu Cecilia anayankha ndi kutumiza chithunzicho, koma anachenjeza kuti sichikufanananso naye. Anafotokoza kuti vuto silinali la wojambula, koma kuti anajambulidwa akali wamng'ono ndipo maonekedwe ake anali atasintha. Anali ndi zaka 25 zokha polemba zimenezi.

Ludovico anathamangitsidwa ndi asilikali a France mu 1499, ndipo anafera m'ndende ku France mu 1508. Cecilia anakhala ndi moyo mpaka 1536. Kuchokera pamenepo mndandanda wa eni ake unaduka. Kwa zaka zoposa 250 palibe pepala lotsimikizika losonyeza amene anali nacho chithunzicho, ndipo m'zaka zimenezo dzina la Cecilia linalekana ndi nkhope yake. Ndi mmene zimachitikira ndi chithunzi cha agogo chopachikidwa m'nyumba ku Matero: akamwalira womaliza amene ankawadziwa, adzukulu amatsala ndi nkhope yopanda dzina.

Ku Poland, ndi dzina lolakwika

Chithunzicho chinaonekeranso cha m'ma 1800, pamene kalonga wa ku Poland, Adam Jerzy Czartoryski, anachigula ku Italy napatsa amayi ake, Izabela Czartoryska. Dzina la wogulitsa silinalembedwe.

Pa nthawiyo dziko la Poland linali litafafanizidwa pa mapu. Mu 1795 mayiko a Russia, Prussia ndi Austria anamaliza kuligawana. Izabela anaganiza kuti ngati dziko latayika, chikumbukiro chake chisatayike. Mu 1801 anatsegula nyumba yosungiramo zinthu zakale pamalo a banjalo ku Puławy, imene imawerengedwa kuti ndi yoyamba ku Poland, ndipo mu 1809 anatsegula nyumba yachiwiri mmene chithunzi cha Leonardo chinapachikidwa.

Banjalo linkadziwa kuti wojambula ndi Leonardo, koma silinkadziwa wojambulidwa. Izabela anaona kachingwe kamene kali pamphumi pa mtsikanayo, kofanana ndi ka pa chithunzi cha ku Paris chija, nakhulupirira kuti ndi mkazi mmodzi yemweyo, amene anthu ankati anali chibwenzi cha mfumu Francis I ya ku France. Pangodya ya pamwamba kumanzere panalembedwa dzina loti La Bele Feroniere pamodzi ndi dzina la Leonardo m'kalembedwe kotengera Chipolishi. Zilembozo zikalipo, ndipo ndi zolakwika.

Dzina loona linabwerera mu 1900, pamene katswiri wa mbiri ya zojambula wa ku Poland, Jan Bołoz Antoniewicz, anagwirizanitsa chithunzicho ndi ndakatulo ya Bellincioni ndi makalata a mu 1498. Ngakhale zinali choncho, kwa zaka zambiri panali akatswiri ena amene ankati chithunzicho ndi cha ophunzira a Leonardo. Kukayika kumeneko kunatha pang'onopang'ono.

Kuthawa nkhondo

Mu Novembala 1830 anthu a ku Poland anaukira ulamuliro wa Russia. Adam Jerzy anatsogolera boma la oukirawo, ndipo atagonja mu 1831 anaweruzidwa kuti aphedwe iye kulibe, malo ake nalandidwa. Izabela, ali ndi zaka zoposa 80, anali atachotsa kale katundu wamtengo wapatali ku Puławy asilikali asanafike. Chithunzicho chinakafika ku Paris, kunyumba yotchedwa Hôtel Lambert kumene banjalo linakhala monga othawa kwawo.

Nkhondo ya France ndi Prussia ya mu 1870 mpaka 1871 inasonyeza kuti ku Paris nakonso sikunali kotetezeka. Mwana wa Adam Jerzy, Władysław, anasamutsira katunduyo ku Kraków mu 1876, mzinda umene unali m'manja mwa Austria koma unali ndi ufulu wochulukirapo. Nyumba ya Czartoryski yosungiramo zinthu zakale inatsegulidwa kumeneko mu 1878. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse chithunzicho chinasungidwa ku Dresden, ndipo chinabwerera mu 1920.

Choopsa chachikulu chinadza mu 1939. Nkhondo itayandikira, kalonga Augustyn Czartoryski anatengera zinthu zofunika kwambiri kunyumba ya banjalo ku Sieniawa, kumene zinabisidwa m'chipinda chotsekedwa ndi njerwa. Mu Sepitembala asilikali a Germany anapeza malowo, naphwanya mabokosi ndi kutenga zinthu zagolide ndi ndalama zakale. Chithunzi cha Leonardo anachisiya, ndipo chinapezeka chili ndi chidindo cha jombo ya msilikali. Banjalo linachisamutsira ku Pełkinie, koma apolisi achinsinsi a Gestapo anachilanda komweko.

Zithunzi zitatu za banjali ndizo zimene akuluakulu a chipani cha Nazi ankalimbirana: cha Leonardo, cha Rembrandt chosonyeza fanizo la Msamariya wachifundo, ndi cha Raphael cha mnyamata wina. Zinatumizidwa ku Berlin, ndipo panali maganizo oti zikaikidwe m'nyumba ya zithunzi imene Adolf Hitler ankafuna kumanga ku Linz. Koma Hans Frank, amene Hitler anamuika kukhala bwanamkubwa wa chigawo cholandidwa cha Poland, anafuna kuti zibwerere ku Kraków, ndipo chithunzi cha Cecilia chinapachikidwa m'nyumba yachifumu ya Wawel mmene iye ankakhala.

Mu Januwale 1945 Frank anathawa asilikali a Soviet Union. Mu Meyi asilikali a America anamugwira kunyumba yake pafupi ndi nyanja ya Schliersee ku Bavaria, ndipo zithunzi za Leonardo ndi Rembrandt zinapezeka. Frank anaweruzidwa ku Nuremberg napachikidwa mu Okutobala 1946. Chithunzi cha Raphael sichinaonekenso.

Chifukwa chake chinabwerera msanga

Chithunzi cha Leonardo chinafika ku Kraków pa sitima ya pamtunda kumapeto kwa Epulo 1946, pasanathe chaka chitapezeka. Amene anachiperekeza ndi katswiri wa ku Poland, Karol Estreicher. Munthu ameneyu anathera zaka za nkhondo ku London akulemba mndandanda wa zinthu zimene dziko lake linalandidwa, ndipo mndandandawo unasindikizidwa mu 1944 nkhondo isanathe. Pamene asilikali a America ankasanthula katundu wobedwa, a ku Poland anafika ndi mapepala m'manja. Panalibe wotsutsa za mwini wake, ndipo wolanda anali wogonja pa nkhondo.

Anthu a ku Zambia amadziwa kuti si nthawi zonse pamene zinthu zimayenda chotero. Chigaza cha munthu wakale chimene chinapezeka mumgodi wa Broken Hill ku Kabwe pa 17 Juni 1921 chinatumizidwa ku London chaka chomwecho. Boma la Zambia linayamba kupempha kuti chibwezedwe m'zaka za m'ma 1970, ndipo nkhaniyi inakambidwa ku komiti ya UNESCO mu 2018. Pamene akatswiri analengeza mu 2020 kuti chigazacho chili ndi zaka pafupifupi 299,000, chinali chikali ku Natural History Museum ku London, ndipo ku Livingstone Museum alendo ankaona chofanizira chabe. Kusiyana kwake n'kwakuti chimene chinatengedwa pa nkhondo ya mu 1939 mayiko anavomereza msanga kuti n'chobedwa, pamene chimene chinatengedwa mu ulamuliro wa atsamunda chimatsutsidwa ndime ndi ndime.

Zimene thabwa linaulula

Popeza mapepala ali ndi mpata wa zaka zoposa 250, umboni wotsala uli m'chithunzi mwenimwenimo. Chinapimidwa ku Warsaw m'zaka za m'ma 1950, ndiponso ku National Gallery of Art ku Washington mu 1992, pamene chinapita kumeneko kukaonetsedwa.

Thabwalo ndi la mtengo wotchedwa walnut, lopyapyala mamilimita anayi kapena asanu. Leonardo ankakonda mtengo umenewu ali ku Milan, ndipo La Belle Ferronnière nachonso chili pa mtengo womwewo. Utoto wake ndi wosakaniza ndi mafuta, njira imene inali ikali yatsopano ku Italy.

Kuwala kolowa pansi pa utoto kunaonetsa timadontho ta makala motsatira mizere ya nkhope. Wojambula ankayamba wajambula pa pepala, n'kubowola timabowo m'mizere, kenako n'kuwaza fumbi la makala kuti chithunzicho chidindike pa thabwa. Njira yomweyi inapezeka pa chithunzi cha Ginevra de' Benci. Mu utoto munapezekanso zidindo za zala, chifukwa Leonardo ankasalaza utoto wauwisi ndi chala kuti kuwala ndi mthunzi zilowane bwino.

Kupimako kunasonyezanso zimene manja a anthu ena anaononga. Mdima wakuda bii umene uli kumbuyo kwa Cecilia si wa Leonardo. Poyamba panali mtundu wotuwa wonkera ku buluu, wowala mbali imodzi kuposa inzake, ndipo utoto wakuda unapakidwa pambuyo pake, mwina pamene ankakonza ngodya ya pamwamba imene inathyoka. N'chifukwa chake m'mphepete mwa phewa ndi nkhope mumaoneka ngati modulidwa ndi lumo. Kansalu kopyapyala kamene kanaphimba mutu wake kanapakidwanso utoto, kotero kuti lero kamaoneka ngati tsitsi lomangidwa pansi pa chibwano. Zala ziwiri za m'munsi nazonso zinakhudzidwa. Koma nkhope, dzanja lonse ndi kanyamako zasungika bwino kuposa zithunzi zambiri za Leonardo, ndipo chimenecho n'chodabwitsa kwa thabwa limene linapondedwa ndi jombo.

Mu Sepitembala 2014 injiniya wa ku France, Pascal Cotte, analengeza zotsatira za kafukufuku wa zaka zitatu. Anagwiritsa ntchito kamera yowalitsa kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana pa chithunzi ndi kuyeza mmene kukubwerera, kuti aone utoto umene uli pansi pa unzake. Iye anati Leonardo anajambula chithunzichi katatu pa thabwa limodzi. Poyamba panalibe nyama iliyonse, manja a Cecilia anangosanjikizana. Kachiwiri anaikapo kanyama kakang'ono kotuwa. Kachitatu anakakulitsa, nakayeretsa, nakapatsa mwendo wamphamvu wonga wa mkango.

Ngati zili choncho, ndiye kuti kanyama kamene kanapatsa chithunzichi dzina kanabwera pambuyo, mwina chifukwa Ludovico kapena Cecilia anapempha kuti ubwenzi wawo uonekere. Katswiri wa ku Oxford, Martin Kemp, analandira bwino zotsatirazi. Komabe njira ya Cotte imadalira kwambiri kumasulira kwa munthu wopimayo, ndipo pamene iye ananena mu 2015 kuti pansi pa Mona Lisa pali nkhope ya mkazi wina, Kemp yemweyo anakana.

Cha banja kapena cha dziko

Nkhondo itatha, boma la chikomyunizimu linaika katundu wa Czartoryski m'manja mwa National Museum ya ku Kraków. Augustyn anamwalira ku Spain mu 1946, nasiya mwana wamng'ono, Adam Karol, wobadwira ku Seville mu 1940. Chikomyunizimu chitagwa, Adam Karol anazindikiridwa mu 1991 kukhala wolowa m'malo, ndipo anakhazikitsa bungwe loyang'anira katunduyo. Chithunzicho chinayamba kuyenda kwambiri kunja, kuphatikizapo chionetsero chachikulu cha Leonardo ku National Gallery ya ku London mu 2011. Osamalira zithunzi ku Poland ankadandaula kuti thabwa lopyapyala chotere siliyenera kukwezedwa ndege kawirikawiri.

Boma linalinso ndi nkhawa yake. Malinga ngati katunduyo anali wa bungwe la banja, tsogolo lake linkadalira olowa m'malo okhala kunja. Mgwirizano wa mu Disembala 2016, umene nduna ya zachikhalidwe Piotr Gliński anasaina ndi Adam Karol, unapereka kwa dziko zinthu pafupifupi 86,000, mabuku ndi zolembedwa pamanja pafupifupi 250,000, ndi nyumba zosungiramo.

Mtengowo unabutsa mkangano mbali zonse ziwiri. Ena ankati katunduyo akanatha kufika mayuro 2 biliyoni, choncho banjalo linangopereka mphatso. Mawu awo analimba mu Novembala 2017, pamene chithunzi china chotchedwa Salvator Mundi, chimene akatswiri ena amakayika ngati chonse n'cha Leonardo, chinagulitsidwa madola 450 miliyoni ku New York. Ena ankayankha kuti lamulo la Poland silikanalola kuti katunduyo agulitsidwe kunja popanda chilolezo cha boma, motero dziko linalipira chinthu chimene sichikanachoka. Akuluakulu oyendetsa bungwe la Czartoryski anatula pansi maudindo awo mgwirizanowo usanasainidwe, ponena kuti sanafunsidwe.

Nyumba ya Czartoryski inali yotseka kuyambira 2010 chifukwa cha ntchito yokonza. Chithunzicho chinaonetsedwa ku Wawel kuyambira 2012, kenako kunyumba yaikulu ya National Museum kuyambira 2017, ndipo chinabwerera m'nyumba yake mu Disembala 2019, m'chipinda chakechake.

Mgwirizano wa mu 2016 unapatsanso boma la Poland ufulu wolondola zinthu mazanamazana za banjali zimene zinasowa pa nkhondo. Choyamba pa mndandandawo ndi chithunzi cha Raphael, chimene Adam Jerzy anagula ku Italy pa nthawi imodzi ndi cha Leonardo. Felemu yake inatsala ku Kraków, ndipo kwa zaka zambiri inapachikidwa m'nyumbamo yopanda kanthu mkati.